Buloko ya maikulosikopu, njanji yogula kapena kamera yokha: kusankha chosunthira fokasi pojambula tinthu tating'onoting'ono

Lenzi ikamakuza chinthu ka 10, malo amene amaoneka bwino pa chithunzi chimodzi amakhala opyapyala kwambiri, ochepera pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kuti diso lonse la ntchentche lioneke, pamafunika zithunzi mazanamazana, chilichonse chitasunthidwa pang'ono, kenako pulogalamu ngati Zerene Stacker kapena Helicon Focus imazisanjikiza n'kukhala chithunzi chimodzi. Ndi dzanja zimatheka, koma dzanja limatopa, limagwedeza tebulo, ndipo limalumpha sitepe osadziwa. N'chifukwa chake anthu amaikapo mota. Funso ndi lakuti motayo ikankhe chiyani.

Zoyamba kuziyeza musanasankhe

Chinthu choyamba ndi kukula kwa sitepe (mtunda wosunthidwa pakati pa chithunzi ndi chinzake) imene lenzi yanu ikufuna, osati imene wogulitsa walemba pa bokosi. Muyeso wake ndi µm, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pa lenzi za maikulosikopu, onani nambala ya NA, yosonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene lenzi imasonkhanitsa, yolembedwa pambali pake. Gawani 0.55 ndi NA yochulukitsidwa ndi iyo yokha, ndipo mupeza kuya kwa fokasi mu µm, kutanthauza kuchindikala kwa malo ooneka bwino pa chithunzi chimodzi. NA ya 0.10, imene ili pa lenzi zambiri za 4x (zokuza chinthu ka 4), imapereka 55 µm. NA ya 0.14 imapereka 28 µm, ya 0.25 pafupifupi 9 µm, ya 0.28 ngati ya Mitutoyo M Plan Apo 10x imapereka 7 µm, ya 0.42 imapereka 3 µm, ndipo ya 0.55 imatsika mpaka 1.8 µm. Sitepe izikhala pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nambala imeneyi kuti zithunzi zizilowana. Zikapanda kulowana, chithunzi chomaliza chimatuluka ndi mizeremizere yachimbuuzi, ndipo palibe pulogalamu imene ingabwezeretse zimene sizinajambulidwe.

Lenzi wamba ya kamera siivuta chonchi. Pa 1:1 kapena kuti 1x (chithunzi cha mkati mwa kamera chofanana kukula ndi chinthucho) ndi f/8 (muyeso wa bowo lolowera kuwala m'lenzi), kuya kwa fokasi kumaposa theka la milimita. Pa 5x ndi f/4 kuli pafupifupi 50 µm. Ndiye amene sadutsa 2x sakufunikira chida choyenda 1 µm, ngakhale chitakhala chotsika mtengo.

Chachiwiri n'chakuti masitepewo azifanana. Chida chimene chimayenda 1 µm, kenako 0, kenako 3 µm, n'choipa kuposa choyenda 2 µm nthawi zonse. Apa ndi pamene manambala a otsatsa amasocheretsa anthu, chifukwa ambiri amawapeza pongogawa sitepe ya mota pakompyuta. Mota ya sitepa, imene imazungulira mwa masitepe ang'onoang'ono ofanana, ikakhala ya madigiri 1.8 pa sitepe imamaliza kuzungulira kamodzi ndi masitepe 200, ndipo masitepe athunthu amenewa ndi odalirika. Mukagawa sitepe iliyonse pa 16, mphamvu yosunthira kagawo kamodzi imatsala pafupifupi 10 peresenti ya mphamvu yonse. Chidacho chikakhala cholimba pang'ono, mota imameza timagawo tingapo osasuntha, kenako n'kudumpha kamodzi.

Zina zitatu n'zosavuta kumva. Kutalika kwa ulendo: kodi chinthu chanu n'chakuya mamilimita awiri kapena masentimita asanu? Katundu: kodi chidacho chinyamula kamera ya makilo awiri kapena kachilombo ka pa singano? Ndipo luso ndi nthawi yanu: kodi mungaboole chitsulo, kuwotcherera waya ndi kulemba pulogalamu yaifupi ya Arduino, kakompyuta kakang'ono kolamulira mota?

Kugwedezeka sikusankha njira. Kamera ndi chojambulidwa zikhale pa bolodi limodzi lolemera, la mwala kapena la aluminiyamu wochindikala, mota ikaima pazidutsa masekondi awiri kapena atatu, ndipo shata ikhale yamagetsi, kapena mugwiritse ntchito fulashi pa mphamvu yochepa kuti kuwala kwake kukhale kwa kanthawi kochepetsetsa. Mukalephera apa, chida chilichonse m'munsimu chikukhumudwitsani.

Njira yoyamba: buloko ya fokasi ya maikulosikopu yoikidwa mota

Buloko ndi gawo la maikulosikopu limene limakweza ndi kutsitsa kathebulo koikapo chinthu. Lili ndi magudumu awiri pa shafti imodzi, lalikulu losuntha msanga ndi kakang'ono kosuntha pang'onopang'ono. Chuma chonse chili m'kagudumu kakang'onoko. Pa Olympus BH2, kukazungulitsa kamodzi kumasuntha kathebulo 0.2 mm. Pa Nikon Optiphot ndi 0.1 mm. Lumikizani mota ya masitepe 200 ku BH2, ndiye kuti sitepe yathunthu iliyonse ndi 1 µm. Mota ya madigiri 0.9, ya masitepe 400, imapereka 0.5 µm. Zonsezi popanda kugawa sitepe, chifukwa ntchito yochepetsa liwiro aigwira kale ndi magiya amene anapangidwira ntchito yomweyi.

Pali phindu lina lobisika. Mota ikaima pa sitepe yathunthu, mutha kuidulira magetsi pojambula ndipo siisuntha. Ikaima pakati pa masitepe n'kuidulira magetsi, imadzigwetsera pa sitepe yathunthu yapafupi, ndiye fokasi yasuntha.

*Mtengo.* Kawirikawiri iyi ndiyo njira yotchipa kwambiri yofikira 1 µm. Simukufuna maikulosikopu yathunthu. Thunthu lopanda malenzi, lopanda mutu, la nyale yakufa, ndilo labwino, chifukwa ogula ena salifuna. Pamwamba pake pamabwera mota ya sitepa ya saizi yotchedwa NEMA 17, kabodi koyendetsa mota ngati A4988, DRV8825 kapena TMC2209, Arduino, magetsi a 12 V, optocoupler (kasuwichi koyendera kuwala kolekanitsa magetsi a kamera ndi a Arduino) ya PC817 kapena 4N35 yowombera shata, ndi zitsulo zomangira. Ndalama zambiri zimathera pa zinthu zimene anthu saziwerengera poyamba: kutumiza thunthu lolemera, kulampu yomangira kamera ya mtundu wa Arca-Swiss, ndi mbale zachitsulo zodulidwa pa muyeso.

*Kupezeka.* Ma BH2 ndi CH2 a Olympus, komanso Labophot ndi Optiphot a Nikon, anapangidwa ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndipo amapezeka pa msika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Palinso mabuloko oima paokha, monga Olympus BHMJ, amene safunika kudula chilichonse, koma ojambula anawatulukira kalekale moti mtengo wake unakwera. Musanagule funsani zinthu ziwiri. Kodi kagudumu kakang'ono kamayenda ulendo wonse wa buloko? Pa BH2 kamatero, koma pa maikulosikopu ena otchipa kamangoyenda mamilimita ochepa n'kugunda. Nanga kakamazungulira, kodi pali malo amene kamalimba kapena kamagogoda kamodzi pa kuzungulira kulikonse? Chimenecho ndi chizindikiro cha giya yosweka kapena shafti yopindika. Mabuloko a maikulosikopu a stereo okhala ndi gudumu limodzi lokha asiyeni, chifukwa amasuntha mamilimita ambiri pa kuzungulira kumodzi ndipo phindu lonse latayika.

Kulumikiza mota kuli m'njira zitatu, ndipo kusiyana kwake n'kwenikweni.

Yoyamba, muchotse kagudumu n'kumangirira shafti ya mota, ya mamilimita 5, ku shafti ya buloko ndi cholumikizira chopindika. Palibe chotsetsereka, koma mashafti awiriwo ayenera kuyang'anana ndendende. Shafti ya kagudumu ndi yoonda, ndipo ikamakankhidwira m'mbali pa kuzungulira kulikonse imadyeka. Yesani motere: masulani mabawuti ogwira mota, igwireni m'dzanja ikuzungulira. Ikamavina, malumikizidwe apendekeka.

Yachiwiri, mupange kapu yapulasitiki yovala pa kagudumu, mkati mwake muli kalabala kogwira. Simumasula chilichonse cha buloko, ndipo ulendo ukatha kapu imatsetsereka m'malo mothyola giya. Vuto lake ndi lomwelo: ikayamba kutsetsereka pang'onopang'ono chifukwa cha mafuta kapena fumbi, simudziwa mpaka mutaona mizere pa chithunzi. Lembani kamzere ka penti kodutsa pa kapu ndi pa kagudumu. Kakasiyana, kapu yatsetsereka.

Yachitatu ndi lamba wa mano wa GT2, wa mamilimita 6 m'lifupi. Mota imakhala pambali, kunjenjemera kwake sikufika kwambiri ku buloko, ndipo mutha kuchepetsanso sitepe: pule ya mano 20 pa mota ndi ya mano 60 pa kagudumu zimatsitsa BH2 kufika pa 0.33 µm. Zimenezi zimafunika pa lenzi za NA yoposa 0.55 zokha. Lamba asamangike kwambiri, chifukwa nayenso amakokera shafti mbali imodzi. Mwa zitatuzi, lamba ndiye amakhululuka kwambiri ngati mabowo anu sanalunjike bwino.

Mota yaing'ono ya 28BYJ-48 imakopa chifukwa chotchipa komanso masitepe ake oposa 2,000 pa kuzungulira kumodzi. Ili ndi magiya apulasitiki ogwedera mkati mwake, ndipo kuwonjezera magiya pa chinthu chimene chili kale ndi magiya abwino n'kungowonjezera kugwedera ndi kuchedwa.

Ndiyeno pali nkhani ya kaimidwe, imene ambiri amaizindikira atamanga kale. Buloko inapangidwa kuti iime chilili, kulemera kwa kathebulo kuzikanikiza mano a magiya mbali imodzi nthawi zonse. Kulemerako n'kumene kumatseka mpata wa pakati pa mano, umene amisiri amati backlash. Mukaigoneka chopingasa, palibenso chokanikiza, ndipo buloko imayenda mwa apo ndi apo, makamaka pobwerera. Mankhwala ake ndi sipuling'i kapena malabala okokera mbali imene kathebulo kakanagwera, ndi mphamvu yonga kulemera kwa theka la kilo kapena kilo imodzi. Yang'ananinso ngati buloko yanu ili kale ndi sipuling'i mkati yothandiza kunyamula kathebulo, kuti yanuyo isalimbane nayo mpaka zonse n'kufanana mphamvu. Ikaima chilili, jambulani mukukweza. Potsitsa mumadalira kulemera kokha, ndipo girisi akalimba kathebulo kamatsalira kenako n'kugwa kamodzi.

Kaya yaima kaya yagona, pulogalamu yanu iyambe yadutsa poyambira ndi 50 kapena 100 µm, kenako ibwerere molowera mbali imene izijambulira. Mukatero mpata wonse umakhala utatsekeka chithunzi choyamba chisanajambulidwe.

Kodi pa buloko pakhale kamera kapena chojambulidwa? Ngati n'kotheka, chojambulidwa. Kachilombo ndi kachitsulo kokagwira sizilemera kanthu, pamene kamera, chubu ya mamilimita 200 yolumikiza kamera ndi lenzi, ndi lenziyo zimafika makilo awiri, ndipo kulemerako kumakhala kutali ndi njanji za buloko. Ena amaopa kuti chinthu chikamasuntha nyale zitaima, kuwala kusintha. Pa ulendo wa mamilimita awiri, kuwala kutafewetsedwa bwino ndi pepala kapena pulasitiki yoyera, kusinthako sikuoneka. Ngati kamera iyenera kukwera pa buloko yoima chilili, mangani ling'i yolimbitsira gudumu lalikulu, apo ayi muiona ikutsika yokha pang'onopang'ono.

*Kusamalira.* Girisi wa zaka 40 amauma n'kukhala ngati phula, ndipo buloko yambiri yotchipa imafika ili choncho. Musaikakamize ndi mota. Imasuleni pa thireyi yokhala ndi m'mphepete, chifukwa mkati muli timipira tachitsulo tambiri tosachedwa kugubuduka, jambulani sitepe iliyonse ya kumasulako, tsukani girisi wakale yense, n'kupaka watsopano wofewa pang'ono chabe. Girisi wochuluka kapena wolimba amachititsa kuti kathebulo kazipitirira kuyenda mota itaima kale. Zikatha apo, ntchito yotsala n'njochepa: kuiphimba ku fumbi, kuona mabawuti a cholumikizira, ndi kuyesa kaye musanayambe ntchito yaikulu. Pa BH2 yolumikizidwa ndi mota ya masitepe 200 popanda mapule ochepetsa sitepe, masitepe 200 ayenera kubweretsa kagudumu ka mbali inayo pa nambala yomwe kanayambira.

*Zoopsa.* Dzanja limamva ulendo ukatha, mota siimva. Ndi magiya ochepetsa liwiro chonchi, mota yaing'ono ili ndi mphamvu yokwanira kuthyola mano. Dzitetezeni pawiri. Ikani malire m'pulogalamu kapena kasuwichi koimitsa, ndipo tsitsani magetsi a mota mpaka izingokwanitsa kuzungulitsa, kuti ikagunda iime yokha. Pa A4988 yokhala ndi ma resistor a 0.1 ohm, Vref (magetsi amene mumatchera pa kabodiko poika malire a magetsi opita ku mota) ya 0.4 V imapereka 0.5 A, ndipo kawirikawiri n'zokwanira. Magetsi ochepa amachepetsanso kutentha, kumene kuli ndi vuto lakelake: aluminiyamu wotalika masentimita 10 akatentha ndi digiri imodzi amatalika ndi 2.3 µm, kuposa kuya konse kwa fokasi ya lenzi ya NA 0.55.

Musazungulitse gudumu lalikulu mota itagwira kagudumu kakang'ono. Izimitseni kaye kapena masulani lamba, chifukwa awiriwa ndi olumikizana mkati. Ma Labophot ndi Optiphot akale amadziwika ndi giya yapulasitiki ya kagudumu kakang'ono imene imang'aluka ikakalamba. Zosinthira zachitsulo zilipo, koma ziwerengereni pa mtengo. Kumbali ya magetsi, ikani capacitor ya 100 µF pafupi ndi polowera magetsi a mota pa kabodi, ndipo musazule waya wa mota kabodi kakuyaka, chifukwa kamapsa nthawi yomweyo. Kamera ilumikizidwe kudzera pa optocoupler, osati mwachindunji ku Arduino.

Malire aakulu ndi ulendo. Mabuloko ambiri amayenda masentimita awiri kapena atatu basi, ndipo masentimita awiri pa BH2 ndi kuzungulira ka 100. Posunthira kamera pafupi ndi chinthu mufunikanso kanjanji kena ka pamanja.

Njira yachiwiri: njanji yogula yokonzeka kale

Izi ndi monga StackShot ya Cognisys ndi WeMacro: sikuluu yaitali yozungulitsidwa ndi mota, ngolo yonyamula kamera, ndi kabokosi koyendetsa zonse mpaka kuwomba shata. Zambiri zimayenda mamilimita 100. Opanga amalemba sitepe yochepetsetsa ya 2 µm pa StackShot ndi 1 µm pa WeMacro.

*Mtengo.* Zimadula kangapo kuposa buloko yodzimangira, ndipo StackShot imadula kuposa WeMacro. Chimene mukulipira ndi nthawi. Mumatsegula bokosi madzulo, usiku womwewo mukujambula, pulogalamu ili kale ndi zonse: poyambira, pothera, nthawi yodikira, kubwerera.

*Kupezeka.* Zimagulidwa zatsopano kwa opanga, ndipo ziwiya zosinthira zimapezeka. Onetsetsani kuti chingwe cha shata ndi cha kamera yanu yeniyeni, chifukwa mapulagi amasiyana ngakhale pa makamera a kampani imodzi. Kabokosi ka njanji zoterezi kamatha kuyendetsanso mota ina ya sitepa ya mawaya anayi ngati mwasintha manambala ake. Choncho amene wayamba ndi njanji yogula akhoza kudzagwiritsa ntchito kabokosi komweko pa buloko ya maikulosikopu, osakhudza Arduino n'komwe.

*Kusamalira.* Pukutani sikuluu, pakani girisi pang'ono, ndipo nthawi ndi nthawi gwedezani ngolo ndi chala kuti mumve ngati yayamba kusewera. Sikuluu ili pamtunda, ndiye imatola fumbi ndi ubweya wa nsalu.

*Zoopsa.* Kuyambira 1x mpaka 5x njanjizi zimagwira ntchito popanda chodandaula, ndipo pa 10x zimachitabe bwino zikamangidwa pa bolodi lolimba. Pa 20x kupita m'mwamba zofooka zimayamba kuonekera. Masitepe aang'ono amadalira kugawa sitepe ya mota. Ngolo imapendeka pang'ono sikuluu ikamazungulira, ndipo popeza lenzi ili pamwamba komanso patsogolo kwambiri, kupendeka kosaoneka ndi maso kumasanduka kusuntha kwa chithunzi cham'mbali. Pulogalamu yosanjikiza imakonza zina, koma m'mphepete mwa chithunzi mumadulidwa. Njanji yoteroyo pa miyendo itatu ya kamera, pansi pa matabwa, ndi kutaya ndalama.

Njira yachitatu: njanji ya m'mafakitale

Makina a m'mafakitale amagwiritsa ntchito njanji zokhala ndi ball screw, sikuluu imene nati yake imayenda pa timipira. Zodziwika kwa ojambula ndi THK KR20 ndi KR26. KR20 ilipo ya 1 mm pa kuzungulira kumodzi, KR26 ya 2 mm, ndipo zonse ziwiri ziliponso za 6 mm. Pa ya 1 mm, mota ya masitepe 200 imapereka 5 µm, ya masitepe 400 imapereka 2.5 µm. Kugawa sitepe pa 4 kapena pa 8 kumagwira ntchito bwino kuno kusiyana ndi pa sikuluu wamba, chifukwa timipira sitikakamira.

*Mtengo.* Yatsopano n'njodula kwambiri. Yochotsedwa m'makina akale imafika pafupi ndi mtengo wa njanji yogula yotchipa, musanawonjezere mota, cholumikizira ndi zamagetsi.

*Kupezeka.* Zilipo zambiri, koma werengani nambala yonse. KR2001 ndi ya 1 mm, KR2006 ndi ya 6 mm, ndipo pa chithunzi zimafanana. Ya 6 mm imapereka 30 µm pa sitepe, zomwe sizithandiza pa lenzi za maikulosikopu. Onaninso mabowo omangira mota. Zambiri zinabooledwera mota za mtundu wina, ndiye pamafunika kambale kolumikizira NEMA 17, imene mabawuti ake a M3 amatalikirana mamilimita 31.

*Kusamalira.* Girisi kamodzikamodzi ndi chophimba fumbi. Musatulutse nati kumapeto kwa sikuluu, timipira timakhuthuka ndipo kutibwezera ndi ntchito yowawa.

*Zoopsa.* Simudziwa kuti inagwira ntchito yotani kumene yachokera. Imene inayenda malo amodzimodzi kwa zaka imakhala yodyeka pakati. Izungulitseni ndi zala ulendo wonse, ndipo ikamakhakhala penapake ibwezeni. Ikaima chilili itanyamula kamera, ball screw imatha kuzungulira yokha magetsi akazima, makamaka ya 6 mm, lenzi n'kugwera pa chojambulidwa. Koma pa kulimba, palibe inzake pa njira zisanu za m'nkhani ino. Imanyamula kamera yolemera osapendeka, ulendo wake n'ngwautali, ndipo ndiyo yokha imene ingagwire ntchito kuyambira 1x mpaka 20x popanda kusintha chida.

Njira yachinayi: njanji yodzipangira ndi ziwiya za 3D printer

Sikuluu ya T8, kanjanji ka MGN12 ndi mota ya NEMA 17.

*Mtengo.* Wotsika kuposa zonse zokhala ndi mota. *Kupezeka.* Paliponse pogulitsa ziwiya za makinawa, koma T8 yofala kwambiri imayenda 8 mm pa kuzungulira kumodzi, ndiye 40 µm pa sitepe. Funani ya 2 mm, yopereka 10 µm. *Kusamalira.* Nati yamkuwa imadyeka, ndipo mabawuti omangidwa pa pulasitiki amamasuka. Gulani nati yokhala ndi sipuling'i yotseka mpata. *Zoopsa.* Masikuluu otchipa sakhala owongoka kwenikweni, ndipo akamangidwa molimba mbali zonse ziwiri amavinitsa ngolo uku ndi uku. Siyani mbali imodzi yomasuka. Mpaka 4x kapena 5x imathandiza. Pa 10x mukhala mukulimbana ndi chida m'malo mojambula.

Njira yachisanu: kamera izisuntha yokha fokasi

Makamera ambiri a masiku ano a OM System, Nikon, Canon, Panasonic, Fujifilm ndi Sony amatha kujambula zithunzi zotsatizana akusuntha mota ya mkati mwa lenzi.

*Mtengo.* Palibe, ngati kamera ndi lenzi muli nazo kale. *Kupezeka.* Pamafunika lenzi ya autofocus yogwirizana ndi kamerayo. Lenzi yotembenuzidwa, ya pa bellows (chubu yopindika yotalikitsira lenzi kutali ndi kamera), kapena ya pamanja ngati Canon MP-E 65mm, siyendetsedwa motere. *Kusamalira.* Batire yodzaza ndi khadi lothamanga. *Zoopsa.* Kukula kwa sitepe kumalembedwa ndi manambala ngati 1 mpaka 10 osati ma µm, ndiye muyenera kuyesa nokha. Lenzi zambiri zimathera pa 1:1, zochepa pa 2x. Makamera ena salola fulashi pa ntchitoyi. Komabe pa chinthu chachikulu ndi chakuya, monga duwa lathunthu kapena bowa, njirayi imaposa njanji. Kamera yonse ikamasendera kutsogolo masentimita angapo, zinthu zakutsogolo ndi zakumbuyo zimasintha mmene zikuphimbirana, ndipo pulogalamu imasokonezeka m'mphepete mwake. Kusuntha fokasi mkati mwa lenzi sikusintha kwambiri malo amene kamera ikuonera.

Ndani atenge chiyani

Ngati mumajambula panja, tizilombo tamoyo, maluwa kapena ndere, ndipo simudutsa 1:1 kapena 2x, gwiritsani ntchito kamera yokha. Kachilombo sikadikira masekondi atatu pa chithunzi chilichonse.

Ngati ntchito yanu ili pakati pa 1x ndi 5x, pa tebulo, ndipo simufuna kugwira chowotcherera waya, gulani njanji yokonzeka. Amene manja amamuyabwa koma ndalama n'zochepa apange ya T8 ya 2 mm, akudziwa kuti malire ake ndi omwewo.

Ngati mumasinthasintha, lero ndalama yachitsulo pa 1x, mawa phiko la gulugufe pa 10x kapena 20x, ndipo kamera yanu ndi yolemera, KR20 ya 1 mm ndi mota ya madigiri 0.9 ikupulumutsani ku zida ziwiri.

Ngati lenzi zanu ndi za 10x, 20x ndi 50x, ndipo zojambulidwa n'zosaposa sentimita imodzi kuya, monga mamba a phiko, mungu, timakristalo ta miyala kapena mkati mwa chipu ya kompyuta, buloko ya maikulosikopu ndiyo yoyenera. Iimeni chilili, chojambulidwa chikhale pa buloko, kamera imangidwe pa mzati wosasuntha, mota ilumikizidwe ndi lamba ndipo iziyenda masitepe athunthu. Mutu wa ntchentche wakuya mamilimita 2 pa sitepe ya 5 µm ndi zithunzi 400, zomwe pa masekondi anayi chilichonse zimatenga mphindi 27, choncho magetsi a kamera achokere pakhoma osati m'batire.

Amene ali kale ndi njanji yogula ndipo wangoyamba kuona mizere pa 20x asathamangire kugula njanji ina yodula. Apeze thunthu la BH2 kapena CH2, asiye kamera pa njanji yakaleyo kuti izithandiza kusendeza pafupi, ndipo waya wa kabokosi ausamutsire ku mota ya pa buloko. Ndipo amene sanatsimikize ngati ntchitoyi aipitiriza agule buloko yokhayo kaye, azizungulitsa ndi dzanja. Pa BH2 kamzere kalikonse ka pa kagudumu ndi 2 µm, kotero timizere tiwiri kapena titatu pa chithunzi chilichonse n'tokwanira lenzi ya 10x, ndipo mota idzalowa pa buloko yomweyo tsiku limene zithunzi 400 zidzayambe kumulemera.